Chala chimodzi sichiswa nsabwe, ngakhale pa piyano: moyo ndi ntchito za Charles Rosen

Tengani piyano yotchunidwa bwino, muitane katswiri amene waimba zaka 50 ndi mwana amene sanaikhudzepo chibadwire. Aliyense adine batani limodzi lomwelo, la C wapakati, pa liwiro lofanana, phazi lisali pa pedulo. Inu mutatembenukira kukhoma, simungathe kunena kuti wadina ndi uyu kapena uyo. Aphunzitsi ambiri a piyano sakondwa kumva zimenezi, poti amatha zaka akuuza ana kuti batani muzilisisita, muzilowetsa chala mofatsa kuti noti ikome. Koma Charles Rosen, woimba piyano wa ku America amene analinso katswiri wofotokoza kamangidwe ka nyimbo, anazinena poyera ndipo sanabwerere m'mbuyo. Kwa iye, noti imodzi payokha ilibe kukoma. Kukoma kumabwera pamene noti yakhala pafupi ndi inzake. Mukagwira mfundo imeneyi, mwagwira chingwe chimene chimamanga kaimbidwe kake ndi zolemba zake zonse.

Rosen anabadwa pa 5 May 1927 mumzinda wa New York. Anayamba piyano ali ndi zaka zinayi, ndipo ali wamng'ono ndithu analowa sukulu ya nyimbo ya Juilliard. Atafika zaka 11 anachokako n'kukayamba kuphunzira kwa Moriz Rosenthal ndi mkazi wake Hedwig Kanner, omwe anali atasamuka kuchoka ku Vienna kuthawa ulamuliro wa Nazi. Oimba piyano amawerenga aphunzitsi awo monga mmene anthu amawerengera makolo pamtundu, ndipo mzera wa Rosen ndi wosiririka: Rosenthal anaphunzira kwa Franz Liszt, Liszt kwa Carl Czerny, Czerny kwa Beethoven mwiniwake. Rosenthal yemweyo anaphunziranso kwa Karol Mikuli, yemwe anali wophunzira wa Chopin.

Chodabwitsa n'chakuti atapita ku yunivesite ya Princeton sanatenge digiri ya nyimbo. Anaphunzira zolembalemba za Chifalansa mpaka kulandira digiri ya udokotala mu 1951. Chaka chomwecho anaimba konsati yake yoyamba yaikulu ku New York, n'kujambulanso chimbale cha ma Études 12 a Debussy, nyimbo zovuta zomwe pa nthawiyo oimba ambiri ankazizemba. Anaphunzitsako Chifalansa kwa kanthawi ku yunivesite ya MIT, kenako anasiya kuti adzipereke pa piyano.

Tsopano tiyeni titsegule chivundikiro cha piyano tione ngati ankanena zoona. Piyano ya masiku ano ili ndi mabatani 88, oyera 52 ndi akuda 36. M'kati muli mawaya pafupifupi 230, chifukwa manoti apakati ndi apamwamba ali ndi mawaya atatuatatu, pomwe apansi ali ndi awiri kapena mmodzi wokulungidwa ndi kopa. Mawaya onsewa pamodzi amakoka ndi mphamvu yofika matani 18 mpaka 20 pa piyano yaikulu ya konsati, n'chifukwa chake fulemu yake ndi yachitsulo. Batani lililonse ndi ndodo yotsamira pakati pake ngati sikelo: mukadina kuno, kutsidya kumakwera n'kukankha kahamala kokutidwa ndi ubweya wopanikizidwa. Batani limatsika pafupifupi mamilimita 10 okha, koma kahamala kamayenda mamilimita oposa 40. Nthawi yomweyo kansalu kotseka mawu, komwe amisiri amati damper, kamanyamuka pa waya kuti alire, ndipo mukachotsa chala kamabwereranso n'kumuziziritsa.

Nkhani yonse yagona pa mamilimita awiri kapena atatu omalizira. Kahamala kakatsala pang'ono kufika pa waya, kamtengo komwe kamakakankha kamazemba n'kukasiya kuti kauluke kokha. Zikanapanda kutero, kahamala kakanakanirira pa waya n'kupha mawu. Ndiye kuti pa nthawi imene waya akumenyedwa, chala chanu sichikulumikizananso ndi kahamala. Zili ngati mwala wa legeni: ukachoka, wachoka, ngakhale mupinde dzanja bwanji. Chokhacho chimene munakapatsa kahamala ndi liwiro. Liwiro likakula, mawu amakwera komanso amawala. Likachepa, mawu amatsika n'kuderako. Kugwedeza chala pa batani noti italira kale, monga amachitira a vayolini pa nsambo, sikusintha kanthu pa piyano. Kumangothandiza woimbayo kumva bwino mumtima, ndipo Rosen sankanyoza zimenezo, chifukwa ankadziwa kuti thupi la woimba liyenera kumva kukoma kuti nyimbo iyende.

Nanga bwanji akatswiri awiri akaimba piyano imodzi amamveka mosiyana? Yankho lili pa zinthu zitatu zimene aliyense angayese, bola chida chake chikhale chomva kulemera kwa chala. Kiyibodi yomwe imalira chimodzimodzi kaya mwaimenya kaya mwaikhudza pang'ono siingakuonetseni izi.

Choyamba, imbani ndi dzanja lamanja manoti anayi pamodzi: C, E, G ndi C wapamwamba, kapena d m s d' kwa odziwa solofa ya kukwaya. Mukawapatsa mphamvu yofanana, mumamva chiphokoso cholimba chopanda nkhope. Tsopano pendeketsani dzanja pang'ono kumbali ya kachala kakang'ono, kuti C wapamwamba atsike mofulumirako kuposa enawo, E ndi G akhale ofewa. Mwadzidzidzi chord yomweyo yayamba kuimba. Cholakwika chimene chimachitika kawirikawiri n'chakuti chala chachikulu, pokhala cholemera, chimaphimba kachala kakang'ono komwe kanyamula nyimbo. Zili ngati kwaya imene tena akumeza sopulano.

Chachiwiri chimavuta kwambiri. Noti ya piyano imayamba kufa ikangobadwa, siingakule ngati mawu a munthu. Mukagwira noti yaitali kwa mabiti anayi, pofika kumapeto imakhala itatsika kwambiri. Ngati noti yotsatira muimenya ndi mphamvu imene munayambira yoyamba ija, imatulukira ngati chotupa pamzere. Muyenera kumvetsera mchira wa noti yaitaliyo n'kulowetsa yotsatira pa msinkhu umene inzakeyo yafika. Oimba ambiri amamvetsera poyambira noti pokha, n'chifukwa chake nyimbo yawo imamveka ngati munthu akukhoma misomali mwaulemu.

Chachitatu ndi pedulo ya kumanja, yomwe imanyamula ma damper onse nthawi imodzi kuti mawaya ena alirire limodzi ndi amene mwamenya. Kasinthidwe kake ndi kotere: dinani chord yatsopano, phazi likwere pa nthawi yomweyo zala zikutsika, kenako litsikenso zala zikadali pansi. Mukatsitsa phazi msanga, mumakola zotsalira za chord yakale ndipo mawu amasanduka matope. Mukalinyamula chord yatsopano isanalire, pamakhala kampata.

Kulemba mabuku Rosen anakuyamba mochedwa, ndipo chinamuyambitsa ndi kunyansidwa. Atajambula chimbale cha nyimbo za Chopin, anapeza kuti pachikuto pake aikapo mawu akuti nocturne ina, nyimbo yofatsa yokumbutsa usiku, ikudzandira ngati yoledzera ndi fungo la maluwa. Iye anali ndi maganizo ambiri pa nyimboyo, koma limenelo silinali limodzi mwa iwo. Kuyambira pamenepo anayamba kulemba yekha mawu a pa zimbale zake. Osindikiza mabuku atawerenga anamupempha buku, ndipo mu 1971 linatuluka The Classical Style, lonena za Haydn, Mozart ndi Beethoven. Chaka chotsatira linapata mphoto ya National Book Award, ndipo mpaka lero likuwerengedwa m'masukulu a nyimbo.

Kuti mumve chimene bukuli linasintha, muyenera kudziwa mmene sonata, mtundu wa nyimbo yaitali ya zida zoimbira, inkaphunzitsidwira. Ophunzira ankapatsidwa chikombole ngati cha njerwa: gawo loyamba likhale ndi nyimbo ziwiri, yoyamba yamphamvu, yachiwiri yofatsa; gawo lapakati lisakanize zidutswa za ziwirizo; gawo lomaliza libwereze zonse. Rosen anakumbutsa anthu kuti malamulo amenewa analembedwa ndi anthu a m'zaka za m'ma 1800, monga Adolf Bernhard Marx ndi Czerny uja, omwe mabuku awo pa nkhaniyi anatuluka m'ma 1840. Pamenepo n'kuti Mozart atamwalira kale mu 1791, Haydn mu 1809, Beethoven mu 1827. Eniake a luso sanaone chikombole chimenecho, ndipo nyimbo zawo zambiri sizilowamo. Ndiye ankatsatira chiyani?

Ankatsatira kiyi. Nyimbo iliyonse yamtundu umenewu ili ndi kwawo, komwe ndi doh. Noti yachisanu, soh, ndi mnansi wapafupi kwambiri wa doh: waya wa soh amanjenjemera katatu pamene wa doh wanjenjemera kawiri. Kiyi ya C ndi kiyi ya G zimasiyana noti imodzi yokha, F amene amakwera kukhala F sharp. A kwaya amaidziwa bwino noti imeneyi, ndi fah uja akasanduka fe, ndipo fe akakhazikika amayamba kumveka ngati te wa doh watsopano. Mukatero mwasamuka. Mfundo ya Rosen inali yakuti m'nthawi ya Haydn ndi Mozart kusamuka kumeneku kunasandutsidwa nkhani yaikulu, yochitika poyera, yokhala ndi mpumulo ndi chizindikiro kuti aliyense amve. Ndipo chilichonse choimbidwa kuchilendo kuja chimakhala ngongole. Monga mmene te amafunira kugwera pa doh, gawo lonse loimbidwa mu kiyi ya soh limafuna kudzamvekanso mu kiyi ya kwawo nyimbo isanathe. Lamulo la manoti awiri oyandikana analikuza kuti likwane nyimbo ya mphindi khumi.

Chitsanzo chosavuta kuchipeza ndi sonata ya Mozart mu C, nambala K. 545, ya mu 1788, imene pafupifupi wophunzira piyano aliyense amadutsamo. Chigawo chake choyamba chili ndi ma bar 73, kutanthauza tizigawo ta mabiti anayianayi. Chimayamba ndi d m s kukwera, kenako t, d r d. Pa bar 12 nyimbo imaima pa chord ya G, pamakhala kachetechete, ndipo pa bar 14 dzanja lamanja limalowa ndi nyimbo ina mu kiyi ya G, ulendo uno kutsika: s m d. Mpaka bar 28 tili ku G, ndipo Mozart amakhomera ndithu ndi mathero amphamvu kuti musakayike kuti mwachoka kwanu. Pa bar 29 amatenga kachidutswa kotsekera kaja n'kukaika mu G minor, kiyi ya G yomveka mwachisoni, kenako ma bar 13 amangoyendayenda m'makiyi osiyanasiyana popanda pokhala. Pa bar 42 nyimbo yoyamba ija imabwerera, koma tcherani khutu: yabwerera mu F, osati mu C. Wotsatira chikombole anganene kuti Mozart walakwitsa. Sanalakwitse. Nyimbo yoyambayo inamveka kale mu C pachiyambi, ilibe ngongole. Yokhala ndi ngongole ndi yachiwiri ija. Pa bar 57 timaimanso pa chord ya G yomwe ija, kachetechete komwe kaja, koma ulendo uno chotsatira chimalowa mu C ndipo sichichokamonso mpaka kumapeto.

Apa mpamene maphunziro a kamangidwe ka nyimbo amasanduka ntchito ya zala. Woimba amene sadziwa kusiyana kwa bar 12 ndi bar 57 amaziimba chimodzimodzi, popeza pa pepala zikuoneka zofanana. Koma koyamba kachetechete kaja ndi khomo lotulukira, kachiwiri ndi khomo lolowera m'nyumba. Winanso amafika pa bar 42 n'kuimba mokweza ngati wafika, pamene ulendo ukadalipo. Ndipo amene amadumpha chizindikiro chobwereza pa bar 28 pofuna kufulumira amachepetsa nthawi imene khutu likanazolowera ulendo wa C kupita ku G, motero kubwerera kwawo kumapepuka.

Haydn amaphwanya chikombole mwanjira ina. Mu symphony (nyimbo yaitali ya gulu lalikulu la zida zoimbira) yake yomaliza, nambala 104 ya mu 1795 yomwe anailembera ku London, akafika mu kiyi ya A sabweretsa nyimbo yatsopano, amangoimbanso yoyamba ija pamalo atsopanowo. Kwa iye kusamuka kwa kiyi kunali kokwanira kukhala nkhani. Beethoven, mu sonata yotchedwa Waldstein ya mu 1804, amachoka ku C kupita ku E, komwe ndi kutali kwambiri, m'malo mwa G. Ngongole yake imakula, ndipo kubweza kwake kumatenga nthawi: nyimbo yachiwiri imabwerera poyamba mu A, n'kutembenukira ku A minor, kenako n'kufika mu C. Mu 1980 Rosen atatulutsa buku lina pa nkhani yomweyi analitcha Sonata Forms, dzina losonyeza kuchuluka, dala, kuti anthu asiye kuganiza za chikombole chimodzi.

Si zonse zimene ananena zinali zatsopano, ndipo si onse anagwirizana naye. Donald Tovey wa ku Britain anali atatsutsa kale chikombole chija zaka zambiri m'mbuyo, ndipo Edward Cone wa ku Princeton anafotokoza lamulo la ngongole ya kiyi mu 1968. Ena anadandaula kuti kumanga mbiri ya nyengo yonse pa anthu atatu n'kuiwala olemba nyimbo ambirimbiri amene ankagwira ntchito nthawi yomweyo, ena mwa iwo otchuka kwambiri m'masiku awo. Dandaulo limeneli lili ndi mutu. Pambuyo pake James Hepokoski ndi Warren Darcy anasanthula ma sonata ochuluka zedi n'kutulutsa mu 2006 njira ina yolongosoka kwambiri yowafotokozera. Komabe mphamvu ya Rosen inali ina: chilichonse chimene analemba anali atachiimba ndi manja ake, ndipo mukamawerenga mumafuna kudzuka kukakhala pa piyano. Kaimbidwe kakenso ena ankati n'kouma, kanzeru zambiri. Mukamvetsera zimbale zake za ma sonata omaliza a Beethoven kapena za Bach, mupeza woimba amene sapaka shuga, koma mzere uliwonse wa mawu umamveka poyera.

Ankakumbutsanso oimba kuti piyano imene Mozart ndi Beethoven ankadziwa si iyi ya lero. Ya Mozart inali ndi mabatani pafupifupi 61, fulemu yamatabwa ndi tihamala tokutidwa ndi chikopa, ndipo mawu ake ankazima msanga. Pamwamba pa chigawo choyamba cha sonata yotchuka ndi dzina loti Moonlight, ya mu 1801, Beethoven analemba kuti chonse chiimbidwe ma damper atanyamulidwa. Pa piyano yake zimenezi zinkapereka kankhungu kopyapyala, chord yakale ikuzimirira pansi pa yatsopano. Mukachita zomwezo pa piyano yamakono, yomwe noti yapansi imatha kulira masekondi ambirimbiri, simumvanso chilichonse. Koma kusintha pedulo mwaukhondo pa chord iliyonse kumachotsanso nkhungu imene mwini nyimbo ankafuna. Njira yapakati ndi kunyamula phazi theka, kuti ma damper angokhudza mawaya osawazimitsiratu, kapena kuchedwetsa kusintha pang'ono. Palibe muyeso umodzi, zimatengera piyano ndi chipinda.

Maphunziro amene anapereka ku Harvard mu 1980 ndi 1981 anadzasanduka buku la mu 1995 lonena za m'badwo wa Chopin, Schumann ndi Liszt, ndipo linatuluka limodzi ndi chimbale choti owerenga amve zitsanzo iye mwini akuimba. M'menemo anakhalitsa pa chinthu china chachilendo cha Schumann. Mu Humoreske ya mu 1839 muli malo amene Schumann anawonjezera mzere wachitatu wa manoti pakati pa wa dzanja lamanja ndi wa lamanzere, n'kuutcha mawu a m'kati. Mzere umenewu suimbidwa. Manoti ake amamveka mobisika m'kayendedwe ka dzanja lamanja, ndipo woimba amayenera kuunyamula mumtima kuti adziwe manoti oyenera kuwalemeretsa pang'ono. Omvera amamva mthunzi wa nyimbo imene palibe chala chaigunda.

Munthu angaganize kuti wophunzira wa wophunzira wa Liszt akanangokhala pa nyimbo zakale, koma Rosen ankaimbanso zovuta kwambiri za nthawi yake. Anajambula Movements ya Stravinsky mwiniwakeyo akutsogolera gulu, anajambula nyimbo za piyano za Pierre Boulez, ndipo anali mnzake wapamtima wa wolemba nyimbo Elliott Carter. Mu 1961 ndiye anaimba piyano pamene Double Concerto ya Carter inamveka koyamba, Ralph Kirkpatrick ali pa harpsichord, chida chakale chofanana ndi piyano. Iye ndi anzake atatu, Paul Jacobs, Gilbert Kalish ndi Ursula Oppens, anagwirizana kupempha Carter kuti awalembere Night Fantasies, yomwe inamalizidwa mu 1980. Nyimbo za Carter zimafuna kuti manja awiri aziyenda pa maliwiro osiyana. Poyambira pake ndi apa: kuti muimbe manoti atatu kumanja pa nthawi imene kumanzere kukulira awiri, gawani nthawiyo pasanu n'kamodzi, lamanja ligunde pa 1, 3 ndi 5, lamanzere pa 1 ndi 4. Oimba ng'oma kwathu kuno amachita zimenezi osawerenga n'komwe. Carter amafika pa asanu kulimbana ndi asanu ndi awiri ndi kupitirira apo, ndipo pamenepo kuwerenga sikuthandizanso: dzanja lililonse liyenera kuloweza liwiro lake palokha, khutu n'kumayang'anira pamene akumanirana.

Pa nkhani yoyeserera anali ndi chizolowezi chimene aphunzitsi amachita nacho mantha. Analemba kuti pobwereza malo ovuta kuti zala zizolowere, ankaika buku patsogolo pake n'kumawerenga, makamaka nkhani za apolisi ofufuza milandu, chifukwa ndakatulo zili ndi kayendedwe kawokawo komwe kamasokoneza biti. Cholinga chake n'chakuti zala zigwire ntchito popanda mutu kuziyang'anira, monga zimafunikira pa siteji mantha akabwera. Koma wophunzira achenjere: njira imeneyi imagwira pokhapokha manoti, kagawidwe ka zala ndi biti zili kale zolondola pa liwiro lotsika. Mukaiyamba msanga, mumabwereza cholakwika ka 200 osachimva, ndipo kuchichotsa kumatenga nthawi yoposa imene munachiphunzirira.

Kuyambira mu 1971 anaphunzitsa ku Stony Brook m'chigawo cha New York, kenako ku yunivesite ya Chicago, uku akupitiriza makonsati ndi kulemba m'magazini ya New York Review of Books za nyimbo, ndakatulo, zojambulajambula ngakhale zophikaphika. Mu February 2012 Pulezidenti Barack Obama anamuveka mendulo ya National Humanities Medal ku White House. Anamwalira ndi khansa ku New York pa 9 December chaka chomwecho, ali ndi zaka 85, patangotha mwezi umodzi Elliott Carter atamwalira ali ndi zaka 103.